Mphoto zafika koma lendi ikudikira: malo odyera a Chifilipino pakati pa Los Angeles

Mumsewu wa 7th Street, pakatikati pa mzinda wa Los Angeles m'dziko la America, muli kachipinda kena kamene kukula kwake sikupitirira masikweya mita 26. Munthu wodutsa mothamanga sangakaone n'komwe. Koma mu 2015 katswiri wophika Charles Olalia, yemwe kale adali mkulu wa ophika ku Patina, lesitilanti ya anthu a ndalama zawo yomwe idali m'nyumba ya zoimbaimba ya Walt Disney Concert Hall, adatsegula malo odyera m'kachipindako. Adawatcha RiceBar. Mudali mipando 7 yokha. Chakudya chake chidali mpunga wochokera ku Philippines, kwawo kwa Olalia, ndi ndiwo zomwe iye adakula akudya: soseji yotsekemerera yotchedwa longganisa, nkhuku ya msuzi wa jinja, komanso tinsomba touma tofanana ndi usipa.

Olemba nkhani za zakudya adayamikira malowa, ndipo nthawi ya nkhomaliro anthu ankandanda pakhomo. Ngakhale zidali choncho, RiceBar idatseka isadakwanitse zaka 5. Lesitilanti yaikulupo yotchedwa Ma'am Sir, yomwe Olalia adatsegula mu 2018 kudera la Silver Lake, nayo idatseka mu 2020 mliri wa Covid-19 utavuta. Mu Epulo chaka chomwecho, anthu ali bindikiro m'nyumba zawo, wophika wina wa Chifilipino, mayi Ria Dolly Barbosa, adalowa m'kachipinda ka mu 7th Street kaja ndi dzina latsopano, Petite Peso.

Mbiri ya kachipindaka ikufotokoza mwachidule nkhani yokulirapo. M'zaka khumi zapitazi zakudya za Chifilipino zalandira ulemu umene sizidaulandirepo m'dziko la America. Ophika ake apata mphoto zikuluzikulu, ndipo nyuzipepala zalemba za iwo mobwerezabwereza. Komabe pakati pa mizinda, pomwe pali maofesi, mahotela ndi alendo, malo odyera a Chifilipino akadali ochepa, ang'onoang'ono, ndipo ambiri sakhalitsa. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuona zinthu zitatu: momwe Afilipino adachokera pakati pa mzindawu, momwe pakati pa mzindapo palili lero, ndi mtengo umene wodya amavomera kulipira pa mbale ya Chifilipino.

Si kubwera koyamba

Nkhani zambiri zimalembedwa ngati kuti Afilipino angofika kumene pakati pa Los Angeles. Mbiri ikutsutsa zimenezo.

Dziko la Philippines, lomwe ndi zilumba zoposa 7 000, lidalamulidwa ndi Spain kwa zaka zoposa 300. Mu 1898 Spain itagonja pankhondo idapereka zilumbazo kwa America pa mtengo wa madola 20 miliyoni. Kuyambira pamenepo Afilipino adali pansi pa mbendera ya America. Sadali nzika, koma ankaloledwa kulowa m'dzikomo popanda ziletso zomwe zidatsekereza anthu a ku China ndi Japan. Eni minda ya nzimbe ku Hawaii adayamba kuwalemba ntchito mu 1906, kenaka minda ya ku California ndi mafakitale oika nsomba m'zitini ku Alaska adatsatira. Kalembera wa 1930 adapeza Afilipino oposa 45 000 m'dziko la America, osawerengera a ku Hawaii, ndipo pafupifupi 30 000 mwa iwo adali ku California.

Ochuluka adali anyamata osakwatira. Nyengo yokolola ikatha ankabwera mumzinda kudzafuna maganyu otsuka mbale, kuperekera zakudya ndi kunyamula zikwama m'mahotela. Ku Los Angeles adasonkhana pafupi ndi mphambano ya First Street ndi Main Street, mtunda wosakwana makilomita awiri kuchoka pa kachipinda ka RiceBar. Derali linkatchedwa Little Manila, ndipo mudali malo ometera, nyumba za lendi, maofesi opezera anthu ntchito ndi malo odyera.

Moyo wawo sudali wophweka. Mu Januwale 1930 gulu la azungu lidaukira Afilipino ogwira ntchito m'minda ku Watsonville n'kupha mnyamata wina, Fermin Tobera. Mu 1933 chigawo cha California chidasintha lamulo kuti Mfilipino asakwatirane ndi mzungu. Mu 1934 lamulo la Tydings-McDuffie, lomwe lidalonjeza Philippines ufulu wodzilamulira, lidachepetsanso olowa m'America kuchokera kumeneko kufika pa anthu 50 okha pachaka. Kwa amuna opanda mabanja amenewa, malo odyera adali ngati kumudzi: kumeneko ankamva chiyankhulo chawo, kulandira makalata ndi kufunsa komwe kuli ntchito.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, akuluakulu a mzinda adayamba kukulitsa nyumba za boma ndi kumanga misewu ikuluikulu yodutsa m'madera a anthu osauka. Little Manila idazimirira. Afilipino ena adasamukira paphiri la Bunker Hill, koma mu 1959 khonsolo idavomereza ndondomeko yogwetsa nyumba zakale paphiripo. Lero pa Bunker Hill pali nsanja za mabanki ndi Walt Disney Concert Hall, nyumba yomwe Olalia ankaphikiramo asadatsegule RiceBar. Zofanana ndi zimenezi zidachitikanso ku Stockton, komwe msewu waukulu udadula Little Manila ya kumeneko, ndi ku San Francisco, komwe pa 4 Ogasiti 1977 apolisi adatulutsa mokakamiza nkhalamba za Chifilipino ndi za Chitchaina m'nyumba ya International Hotel.

Mu 2002 khonsolo ya Los Angeles idapatsa dera lina la kumadzulo kwa pakati pa mzinda dzina loti Historic Filipinotown, ndipo mu 2022 padamangidwa chipata chokongola mumsewu wa Beverly Boulevard. Dzina lidabwerera, koma ambiri mwa okhala m'derali lero ndi ochokera ku Latin America. Choncho wophika wa Chifilipino akamatsegula malo pakati pa mzinda, akubwerera pomwe agogo a mtundu wake adachotsedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti agogowo ankalowera khomo la kuseri, pamene iye dzina lake lalembedwa pakhomo la kumaso.

Anthu ambiri, malesitilanti ochepa

Kalembera wa 2020 adapeza anthu oposa 4 miliyoni a mtundu wa Chifilipino m'dziko la America. Mwa magulu ochokera ku Asia, amaposedwa ndi ochokera ku China ndi India okha, ndipo boma la Los Angeles County ndi lomwe lili ndi Afilipino ambiri kuposa lina lililonse m'dzikomo. Koma kafukufuku yemwe bungwe la Pew Research Center lidatulutsa mu 2023 adasonyeza kuti mwa malesitilanti 100 alionse ogulitsa zakudya za ku Asia, 39 ndi a Chitchaina, 28 a Chijapani, 11 a ku Thailand, ndipo imodzi yokha ndi ya Chifilipino. Anthu ochokera ku Thailand ndi pafupifupi 2 okha mwa 100 alionse a ku Asia okhala m'America, koma malesitilanti awo amaposa a Afilipino kakhumi.

Chifukwa choyamba chili m'lamulo la olowa m'dziko la 1965, lomwe lidatsegula khomo kwa anthu ophunzira. Omwe adabwera kuchokera ku Philippines pambuyo pake ambiri adali anamwino, madotolo, mainjiniya ndi owerengera ndalama. Ankayankhula Chingerezi chifukwa sukulu za kwawo zidakhazikitsidwa ndi Amereka nthawi ya utsamunda. Kwa mlendo wosadziwa chiyankhulo, lesitilanti imakhala makwerero oyamba chifukwa banja lonse limagwiramo ntchito popanda mapepala a sukulu. Namwino wolembedwa ntchito pachipatala sadafunikire makwerero amenewo, ndipo ana ake adawalimbikitsa sukulu, osati mapoto.

Chachiwiri ndi komwe adakakhala. Mabanjawa adagula nyumba kunja kwa mzinda, m'madera monga Carson, West Covina, Cerritos ndi Panorama City. Kumeneko malo odyera a Chifilipino alipo ambiri ndipo ena akhalitsa zaka zambirimbiri. Ochuluka ndi a mtundu wotchedwa turo-turo, kutanthauza kulozaloza: ndiwo zimakhala zophikidwa kale m'mabeseni, wogula amangoloza yomwe akufuna. Malo oterewa amaphikira anthu a mtundu wawo, mitengo yake ndi yotsika, ndipo safuna kufotokozera aliyense chomwe chili m'mbale.

Chachitatu ndi manyazi, omwe m'chiyankhulo cha Tagalog amati hiya. Nicole Ponseca, yemwe adatsegula malesitilanti a Maharlika ndi Jeepney ku New York, wakhala akunena poyera kuti Afilipino ambiri adakula akuopa kusekedwa chifukwa cha zakudya zawo. Ndiwo ya nkhumba yophikidwa ndi magazi, dinuguan, makolo ena ankauza ana ndi alendo kuti ndi nyama ya chokoleti. Dzira la bakha lokhala ndi mwana m'kati, balut, lidasanduka choseketsa m'mapulogalamu a pawailesi ya kanema oyesa kulimba mtima kwa anthu. Zaka zambiri za utsamunda zidaphunzitsa anthu kuti chakudya cholandirira mlendo wolemekezeka ndi cha ku Spain kapena ku America, ndipo cha pakhomo n'chodyera kukhitchini.

Pamwamba pa zonsezi, boma la Thailand lidayambitsa mu 2002 ndondomeko yochulukitsa malesitilanti a dzikolo kunja, yothandiza ndi ngongole, maphunziro ndi kutumiza zipangizo zophikira. Dziko la Philippines lidaika mphamvu zake potumiza anthu kukagwira ntchito kunja, ndipo anthuwo amatumiza kwawo madola oposa 30 biliyoni pachaka. Lidagulitsa manja a anthu ake kwambiri kuposa maphikidwe awo.

Chomwe chili m'mbale

Vuto lina lili m'chakudya chenichenicho, osati chifukwa n'chosakoma, koma chifukwa n'chovuta kuchifotokoza m'mawu amodzi. Mtima wa maphikidwe a Chifilipino ndi kuwawasa ndi mchere. Adobo, ndiwo yodziwika kwambiri, ndi nkhuku kapena nkhumba yophikidwa pang'onopang'ono mu viniga, msuzi wa soya, adyo ndi tsabola wakuda. Kuphika ndi viniga kudayamba Asipanishi asadafike, ngati njira yosungira nyama m'dziko lotentha. Iwo adangopereka dzina. Sinigang ndi msuzi wowawasa ndi bwemba. Kare-kare ndi mchira wa ng'ombe ndi masamba zotendera ndi nsinjiro, ndipo amadyera ndi bagoong, tinsomba kapena tinkhanu tosungidwa mumchere mpaka fungo litakhwima. Mu tinola, nkhuku ya jinja ija, amathiramo masamba a cham'mwamba, omwe iwo amati malunggay.

Pancit ndi lumpia zidabwera ndi amalonda a ku China. Tomato, chimanga, mapeyala ndi koko zidafika pa zombo zomwe zinkayenda pakati pa Manila ndi Acapulco ku Mexico kuyambira 1565 mpaka 1815. Nyama ya m'zitini ndi mkaka wa m'zitini zidabwera ndi Amereka. Sisig, nyama ya kumutu kwa nkhumba yoduladula ndi kukazinga pamodzi ndi anyezi, tsabola ndi kandimu kotchedwa calamansi, idatchuka mumzinda wa Angeles, pafupi ndi bwalo la ndege za nkhondo la Amereka la Clark. Katswiri wa mbiri ya zakudya Doreen Fernandez adaphunzitsa kuti luso la Afilipino lili potenga cha mlendo n'kuchisandutsa chawo.

Ndiwo zimenezi n'zodyera pamodzi, aliyense akutapa pa mbale za pakati n'kusakaniza ndi mpunga, nthawi zina ndi manja pa masamba a nthochi, mwambo wotchedwa kamayan. Zambiri n'zofiirira ndipo zimafuna maola pamoto. Wogwira ntchito muofesi amene ali ndi mphindi 30 za nkhomaliro amafuna mbale imodzi yodziwika dzina. Nzeru ya RiceBar idali pomwepa: kuika ndiwo imodzi pamwamba pa mpunga m'mbale imodzi, pa mtengo umene kalaliki angakwanitse. Njira yomweyo adaitsata Margarita Manzke ndi mwamuna wake Walter pamene mu 2017 adatsegula Sari Sari Store mumsika wa zakudya wa Grand Central Market, womwe wakhalapo kuyambira 1917. Ku Philippines, sari-sari ndi okala ya m'mudzi yogulitsa tinthu tosiyanasiyana.

Mbadwo wa mphoto

Omwe adasintha zinthu ndi ana a anamwino ndi mainjiniya aja, pamodzi ndi ophika obadwira ku Philippines omwe adaphunzira ntchito m'makhitchini a Chifalansa ndi Chitaliyana. Njira adailambula Amy Besa ndi Romy Dorotan, omwe adatsegula Cendrillon kudera la SoHo ku New York mu 1995. Ku Washington, lesitilanti ya mipando 24 yotchedwa Bad Saint idatsegulidwa mu 2015, ndipo chaka chotsatira magazini ya Bon Appétit idaiika pa nambala 2 mwa malesitilanti atsopano abwino m'dziko lonse. Wophika wake, Tom Cunanan, adapata mphoto ya James Beard mu 2019. Mphoto imeneyi ndi yolemekezeka kwambiri pa ntchito yophika m'America.

Mu 2022 Kasama ya ku Chicago, ya Tim Flores ndi Genie Kwon, idakhala lesitilanti yoyamba ya Chifilipino padziko lonse kulandira nyenyezi ya Michelin, chizindikiro chomwe buku lotchuka la ku France limapereka kwa malo odyera apamwamba. Mu 2023 awiriwa adapata mphoto ya James Beard, ndipo Margarita Manzke adapatanso yake pa luso lophika buledi ndi makeke. Mu 2024 Lord Maynard Llera, mwini Kuya Lord ku Los Angeles, yemwe adayamba kugulitsa chakudya pakhomo pake nthawi ya mliri, adasankhidwa kukhala wophika wopambana m'chigawo chonse cha California. Mu Okutobala 2025 Michelin idatulutsa buku lake loyamba la malesitilanti a ku Manila ndi Cebu.

Koma akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Cendrillon idatseka mu 2009 ndipo eni ake adasamukira ku Brooklyn, kutali ndi lendi ya ku SoHo. Maharlika idatseka mu 2019, Jeepney ya ku New York mu 2021, Bad Saint mu 2022. Malo alionse adali ndi zifukwa zake, ndipo malesitilanti a mitundu yonse amatseka kawirikawiri. Koma pamene malo a Chitaliyana atseka pakati pa mzinda pamatsala ena makumimakumi. Pamene a Chifilipino atseka, nthawi zina sipatsala ena. N'zochititsanso chidwi kuti Bad Saint, Kasama ndi Kuya Lord, atatu onsewo, adakhazikika m'madera okhala anthu, kunja kwa dera la maofesi.

Pakati pa mzinda pakudwala

Mbadwo umenewu wafika pakati pa Los Angeles pa nthawi yovuta. Kuyambira 1999, pamene khonsolo idalola kusandutsa maofesi akale kukhala nyumba zogona, derali lidayamba kutsitsimuka, ndipo okhalamo adachuluka kufika pafupifupi 90 000. Malesitilanti ndi omwe adatsogolera kutsitsimukako. Kenaka mliri udaphunzitsa makampani kuti anthu angathe kugwirira ntchito kunyumba. Lero maofesi oposa kotala m'derali alibe wochita lendi. Kwa malo ngati RiceBar, omwe moyo wake ndi nkhomaliro ya Lolemba mpaka Lachisanu, ofesi yopanda anthu ndi munda wopanda mvula.

Mavuto ena adatsatana. Mu 2023 olemba mafilimu ndi ochita zisudzo a ku Hollywood adanyanyala ntchito kwa miyezi ingapo, ndalama zidachepa mumzinda wonse. Mu Januwale 2025 moto wolusa udapsereza nyumba zikwizikwi ku Pacific Palisades ndi Altadena. Mu Marichi chaka chomwecho Original Pantry Cafe, yomwe idatsegulidwa mu 1924, idatseka zitseko. Mu Juni, apolisi oona za olowa m'dziko atayamba kugwira anthu opanda zikalata ndipo zionetsero zitabuka, mfumu ya mzinda Karen Bass idaletsa kuyenda usiku pakati pa mzinda kwa sabata imodzi, kuyambira pa 10 Juni. Masiku oyamba chiletsocho chinkayamba 8 koloko madzulo, nthawi yeniyeni ya mgonero. Mantha adafikanso m'makhitchini, momwe ambiri mwa otsuka mbale ndi othandizira ophika ndi obwera kuchokera ku Mexico ndi Central America.

Ndalama zoyendetsera bizinesi nazo zakwera. Mu Julaye 2025 malipiro otsikitsitsa mumzinda wa Los Angeles adafika pa madola 17.87 pa ola. Chaka chomwecho boma la Donald Trump lidalengeza msonkho wa 19 peresenti pa katundu wochokera ku Philippines, nkhani yosautsa kwa wophika amene viniga wa nzimbe, bagoong ndi mpunga wake amaitanitsa kwawo. Phindu la lesitilanti ndi lopyapyala ngakhale nthawi zabwino. Kampani yokhala ndi nthambi zambiri ikhoza kupirira miyezi itatu yoipa, koma banja lomwe lidaika chuma chake chonse m'kachipinda kamodzi silingathe.

Chitsanzo cha kupulumuka mwa kusintha chili ku Chinatown, m'mphepete mwa dera la maofesi. Abale awiri, Chad ndi Chase Valencia, adakhazikitsa kumeneko lesitilanti yotchedwa Lasa, mawu otanthauza kukoma kwa chakudya, yomwe inkaphika za Chifilipino mwa njira yapamwamba. Mu 2021 malowa adasanduka Lasita, yogulitsa nkhuku yowotcha ya mtundu wa inasal, nkhumba yowotcha ndi vinyo. Mndandanda wa zakudya udafupika, ndipo chakudya chidakhala chosavuta kunyamula kupita nacho kunyumba. Pano palinso chisoni chake. Okhala ku Chinatown, ambiri mwa iwo nkhalamba zopeza movutikira, akhala akudandaula kuti mabizinesi atsopano okopa achinyamata a ndalama akukweza lendi m'dera lawo. Zidzukulu za anthu omwe adasamutsidwa zikhoza kupezeka, mosafuna, m'gulu la osamutsa ena.

Mtengo wa mbale

Pansi pa zonsezi pali funso la mtengo. Krishnendu Ray, mphunzitsi wa pa New York University, adafotokoza m'buku lake la 2016, The Ethnic Restaurateur, kuti ndalama zomwe Amereka amavomera kulipira pa chakudya cha mtundu wina zimatsata kulemera kwa dziko lomwe chachokera ndi ulemu wa anthu ake. Chakudya cha ku Japan chidakwera mtengo dziko la Japan litalemera. Cha ku Italy, chomwe kale chinkanyozedwa ngati cha amphawi, chidakwera pamene zidzukulu za obwera zidakwera pa makwerero a chuma. Cha mayiko osauka chimayembekezeredwa kukhala chochuluka ndi chotsika mtengo, ngakhale chitatenga maola ambiri kuphika.

Wophika wa Chifilipino pakati pa mzinda amapanikizika mbali ziwiri. Mlendo wosadziwa chakudyacho safuna kutaya ndalama zambiri pa chinthu chachilendo. Mfilipino mnzake amayerekeza mtengo ndi wa ku turo-turo ya ku Carson, ndipo kukoma amakuyerekeza ndi kwa adobo ya mayi ake, mpikisano umene palibe wophika angapambane. Komatu mchira wa ng'ombe wa kare-kare umagulidwa pa mtengo womwewo ndi umene lesitilanti ya Chifalansa imagula, ndipo mwini nyumba satsitsa lendi chifukwa cha mtundu wa ndiwo.

Mpaka pano njira ziwiri ndi zomwe zaoneka kuti zikuyenda. Yoyamba ndi ya pamwamba penipeni. Kasama masana imagulitsa buledi, makeke ndi kadzutsa kwa anthu ondanda pamzere, ndipo usiku imapereka mgonero wa timbale tambiri pa mtengo woposa madola 200 munthu mmodzi. Yachiwiri ndi ya kampani yaikulu. Jollibee, yomwe Tony Tan Caktiong adaiyamba ku Philippines m'zaka za m'ma 1970 ndipo kwawoko imaposa McDonald's, idatsegula nthambi yoyamba ya ku America ku Daly City mu 1998, idagula kampani ya khofi ya ku Los Angeles ya Coffee Bean & Tea Leaf mu 2019, ndipo mu 2022 idafika pa Times Square ku New York. Koma chomwe Jollibee imatchuka nacho ndi nkhuku yokazinga ndi supageti yotsekemera, osati sinigang.

Chomwe chikusowa ndi cha pakati: lesitilanti wamba ya mipando 50 kapena 60, yomwe banja lingapiteko Loweruka ndipo kalaliki Lachiwiri, pa mtengo wolipira bwino antchito popanda kuthamangitsa wodya. Zakudya za ku Italy, Japan ndi Thailand zidazika mizu m'mizinda ya America kudzera m'malo oterewa, osati m'nyenyezi za Michelin.

Kodi pakati pa mzinda n'pofunikadi?

Wina angatsutse kuti nkhawa yonseyi n'njopanda pake. Malo odyera a ku West Covina ndi Carson akudyetsa anthu tsiku lililonse, akulipira sukulu za ana, ndipo safuna chivomerezo cha olemba nkhani. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu. Chakudya cha mtundu wa anthu sichiyamba kukhala chenicheni tsiku lomwe mlendo wachiyamikira.

Komabe pakati pa mzinda ndi pomwe mlendo wochokera kunja amagona, pomwe woweruza milandu, wa kubanki ndi wogwira ntchito kukhonsolo amadya nkhomaliro. Amene amapereka ngongole ndi amene amasankha wochita lendi m'nyumba zatsopano amakhulupirira zomwe adazionapo ndi kuzilawa. Mtundu wa chakudya umene suoneka kumeneko umavutika kupeza mpamba, ndipo popanda mpamba umangokhala m'tizipinda ta mipando 7. Kwa Afilipino a ku Los Angeles palinso nkhani ya chilungamo: adachotsedwa pamalopa ndi zisankho za khonsolo ndi za omanga misewu, osati chifukwa chakudya chawo chidalephera pamsika.

Mwayi ulipo. Nyumba zopanda anthu zikukakamiza eni ake kumvera ochita lendi ang'onoang'ono omwe kale sankawayang'ana n'komwe. Njanji ya pansi pa nthaka yomwe idatsegulidwa mu Juni 2023 idalumikiza Little Tokyo, Broadway ndi Bunker Hill ndi madera akutali. Mu 2028 mzindawu udzalandira masewero a Olympics. Koma alendo a masewero amakhala masabata ochepa, pamene mgwirizano wa lendi umakhala wa zaka 5 kapena 10. Chomwe chingathandize kwenikweni ndi anthu ogona pakati pa mzindapo, omwe amadya madzulo ndi Lamulungu lomwe, ngongole zofikirika kwa mabizinesi a mabanja, ndiponso makasitomala, Afilipino ndi ena omwe, ovomera kuti maola anayi a pamoto ali ndi mtengo wake.

Mu 2012 wowulutsa mapulogalamu a zakudya Andrew Zimmern adalosera kuti chakudya cha Chifilipino chatsala pang'ono kutchuka m'America monse, ndipo ulosi womwewo wakhala ukubwerezedwa pafupifupi chaka chilichonse. Mbali ya kutchuka yakwaniritsidwa. Yotsala idzayezedwa ndi muyeso wina wosasangalatsa olemba mitu ya nkhani: kuchuluka kwa malo odyera a Chifilipino pakati pa mzinda omwe adzasainirenso mgwirizano wa lendi kachiwiri ndi kachitatu, pakhomo lomwelo, ndi dzina lomwelo.